Debugger ikamakunamizani: mmene mungapezere zoona zenizeni mu GDB

Ndikulemba izi ndili pa Chitakale, kunja chiperoni chikuwaza kuyambira m'mawa phiri silikuoneka olo pang'ono. Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikulimbana ndi kasikelo koyezera masamba a tiyi kamene ndikupangira kagulu kena ka alimi ang'onoang'ono, mkati mwake muli load cell (kachipangizo komva kulemera), HX711 (kachip kosandutsa kulemerako kukhala nambala) ndi kabodi ka STM32F103 kaja ambiri timakatchula kuti Blue Pill. Sikelo imaonetsa makilo olondola pa sikirini koma rekodi ikasungidwa ndikuiwerenganso imabwera ndi manambala achilendo, ndipo GDB, debugger imene ndimaimitsira pulogalamu nkusuzumira mkati mwake, m'malo mondithandiza imandionetsa zinthu zosiyana malingana ndi pamene ndaima. Kwa ife ndi bug chabe, koma kwa mayi amene wathyola masamba kuyambira mbandakucha mame ali thoo, kilo imodzi ikasowa ndi sopo wa ana wapita. Nchifukwa chake ndati ndilembe zimene ndimachita, mwina zithandiza wina wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe amene akuyang'ana laputopu usiku mutu utaima.

Tiyambe tagwirizana chinthu chimodzi anzanga. Debugger sidziwa khodi yanu ayi. Purosesa imangodziwa ma adilesi, ma rejista ndi ma byte basi, dzina loti magalamu kapena mzere 42 kulibeko kumeneko. Mukaika -g compiler imalemba kaundula wina pambali, wotchedwa DWARF, womwe umati mzere wakuti uli pa adilesi yakuti, variable yakuti kuyambira apa mpaka apa ikukhala mu rejista yakuti, struct yakuti ndi yotalika ma byte angapo akuti. GDB imangowerenga kaundulayo nkukuuzani. Zili ngati pa shedi yogulira masamba, kalembera akalemba molakwika m'buku ndiye aliyense wowerenga bukulo anena zolakwika zomwezo mtima uli m'malo, ndipo njira yokhayo yothetsera mkangano ndi kubwerera pa thumba nkulipachikanso pa sikelo. Zonse zili m'munsimu ndi njira zobwerera pa thumba.

Poyamba, onani ngati kaundula ndi wa thumba lomwelo

Izi zimaoneka zazing'ono koma kawirikawiri vuto limathera pompa. Mwasintha khodi, mwabilda, koma kabodi kakadali ndi pulogalamu ya dzulo chifukwa magetsi anathima muli mkati moflasha kapena munangoiwala. GDB ikuwerenga ELF yatsopano, fayilo ya pulogalamu imene mwabilda, pamene chip ikuyendetsa yakale, mizere yonse yasuntha. Mukalumikiza kudzera pa ST-Link (kachipangizo kolumikiza kabodi ndi kompyuta) ndi OpenOCD (pulogalamu yolumikiza GDB ndi ST-Link), lembani izi mu GDB:

target extended-remote :3333
monitor reset halt
compare-sections

Section iliyonse iyenera kunena matched. Mukaona MIS-MATCHED musapitirire, pangani load kaye. Komanso GDB ikakuchenjezani kuti "Source file is more recent than executable" musanyalanyaze, ikutanthauza kuti fayilo ya .c mwaigwira pambuyo pobilda ndiye mzere umene ikukulozerani mwina si umenewo.

Kenako imani penapake mkati mwa function yanu mulembe info source. Pa mzere wa Producer mupeza version ya GCC ndi ma flag onse amene fayilo imeneyo inabildidwa nawo, ndipo apa ndi pamene munthu umadzidzimuka kuona -Os kapena -O2 iwe umaganiza kuti Makefile ikuika -O0. Ngati khodi inabildidwa pa kompyuta ya mnzanu ndipo ma folda ndi osiyana, GDB ikhoza kutsegula fayilo ina ya dzina lomwelo kapena kusaipeza nkomwe, muiwongole ndi set substitute-path, folda yakale poyamba yatsopano pambuyo.

Chinanso ndi msinkhu wa zida. DWARF 5 inatuluka mu 2017 ndipo kuyambira GCC 11 ndiyo imalembedwa mukangoika -g. GDB yakale ya m'ma 7 imakana, imati wrong version in compilation unit header, ndipo zida zina zakale zimawerenga mwatheka. Ambirife tili ndi toolchain yosakaniza chifukwa bandulo ndi yodula sitingadawunilode zonse nthawi imodzi, ndiye ngati simungakweze GDB bildani ndi -gdwarf-4, nkhani yatha.

Chachiwiri, chepetsani optimization koma mosamala

Aliyense amakuuzani kuti ingoikani -O0, flag yozimitsa optimization, kusintha kumene compiler imachita kuti khodi ichepe kapena ithamange. Zoona, pa -O0 variable iliyonse ya mkati mwa function imakhala pa stack ndipo mizere imayenda mwandondomeko. Koma pali mavuto awiri. Blue Pill ili ndi flash ya 64 KB ndi RAM ya 20 KB basi, pulogalamu yonse pa -O0 mwina siikwana. Lachiwiri ndi lowawa kwambiri, bug zina zimabisala mukachotsa optimization chifukwa nthawi yasintha kapena memory yayalidwa mwina, ndiye mumaganiza kuti mwakonza pamene mwangoiphimba, idzadzukanso pa shedi anthu ali pa mzere.

Ine ndimayamba ndi -Og -g3. -Og inabwera ndi GCC 4.8, imachita optimization yokhayo imene siisokoneza kwambiri debugging, pomwe -g3 imaonjezera ma macro kuti muziwatha kuwaprinta. Ngati mukugwiritsa -flto chotsani kaye, LTO imasakaniza mafayilo ndiye kaundula amakhala wovuta kutsata. Ngati simukufuna kugwedeza pulogalamu yonse gwirani function imodzi yokha:

__attribute__((noinline, optimize("O0")))
int32_t werenga_sikelo(void)

noinline ndi yofunika chifukwa function ikalowetsedwa mkati mwa inzake breakpoint imodzi imasanduka malo angapo ndipo step imadumphadumpha ngati chiwala. Mukamaliza muchotse, musaisiye mu khodi yopita kwa alimi.

Bug ikasowa mutachita zimenezi, bwezeretsani ma flag akale, tipite nayo choncho yoopsayo.

Chachitatu, ifunseni GDB kuti ikuganiza kuti chinthucho chili kuti

Pali kusiyana pakati pa <optimized out> ndi nambala yabodza. Yoyambayo ndi chilungamo, compiler ikuvomera kuti pano sindinasunge. Yachiwiri ndi imene imadya masiku, print ikupereka nambala yooneka bwinobwino koma ndi yakale kapena ya variable ina. Ndiye musafunse kuti mtengo wake ndi chani, funsani kuti ukuutenga kuti:

info address magalamu
info scope werenga_sikelo
info line sikelo.c:88

Pa khodi ya optimization yankho limakhala mndandanda wa ma range, kuyambira adilesi iyi mpaka iyi ili mu $r4, kuchoka apo ili pa stack, kuchoka apo palibe. Yerekezani ndi print $pc, adilesi imene purosesa yaima. Nthawi zambiri mupeza kuti mwaima pamalire penipeni, kaundula akuti r4 koma instruction yoika mtengo mu r4 siinayendebe, kapena r4 yatengedwa kale ndi ntchito ina. info line nayo ikakuyankhani kuti "but contains no code" dziwani kuti mzerewo kulibe mu chip, breakpoint yanu yatsetsereka kupita mzere wina kutsogolo.

Amene mukufuna kuona kaundula ndi maso anu osadzera mwa GDB, pali arm-none-eabi-readelf --debug-dump=info pa ma variable ndi ma type, ndi --debug-dump=decodedline pa mizere. Zimatuluka zambiri zedi, ziponyereni mu fayilo muzisaka ndi grep. Mkati mwa GDB maint info line-table imaonetsa tebulo la mizere mmene iyo yalimvera.

Chachinayi, tsikirani ku assembly

Apa ndi pamene ambiri amathawa, koma abale assembly ya Thumb, imene chip yathuyi imayendetsa, si ufiti, ma instruction amene mukumane nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ldr, str, mov, add, cmp, bl ndi ma branch. Lembani:

disassemble /s
display/i $pc
stepi

/s imasakaniza khodi ya C ndi assembly motsatira ma adilesi. Mizere ya C imene ikuonekayo muzingoitenga ngati chikwangwani cha pamsewu, zoona zili pa ma instruction. display/i $pc imapangitsa kuti mukasuntha paliponse muzionetsedwa instruction yotsatira, stepi imayenda imodzi imodzi ndipo nexti imadumpha bl, instruction yoitana function, osalowa mkati. Ngati mumakonda kuona zonse pamodzi yesani layout asm kenako layout regs, rejista imene yasintha imawala.

Tsopano chinthu chimene compiler singasinthe olo itafuna, pa function imene ikuitanidwa kuchokera ku mafayilo ena, ndi pangano la kaitanidwe. Pa ARM ma argument anayi oyamba a 32 bit amalowa mu r0, r1, r2, r3, otsala amapita pa stack, ndipo yankho limabwerera mu r0. Pa laputopu ya Linux ya x86-64 ndi rdi, rsi, rdx, rcx, r8, r9 ndipo yankho mu rax. Koma pangano limeneli limagwira pakhomo penipeni pa function. Mukalemba break sunga_rekodi GDB imadumpha prologue, ma instruction oyamba okonza stack, potsatira kaundula yemwe uja tikumukayikira, ndiye ikani nyenyezi:

break *sunga_rekodi
info registers r0 r1 r2 r3

Nyenyeziyo imaimitsa pa instruction yoyambirira, palibe chimene chakhudzidwa, zimene zili mu r0 ndi zimene woitana watumiza ndithu. Mukafuna yankho pangani finish muone $r0 nokha musangodalira Value returned. Chenjezo limodzi, function ya static compiler ili ndi ufulu woisintha, mukaona dzina lili ndi mchira ngati .isra.0 kapena .constprop.0 ndiye ma argument asinthidwa kapena ena achotsedwa, werengani khodi ya woitana muone chimene akuika mu rejista iliyonse asanafike pa bl.

Musaiwalenso kuti Cortex-M3, purosesa ya mu Blue Pill, ili ndi ma hardware breakpoint 6 okha ndipo khodi ili mu flash, ndiye mukamwaza ma breakpoint paliponse GDB iyamba kukana kupitiriza. Gwiritsani tbreak kapena advance, zimadzichotsa zokha.

Chachisanu, werengani memory nokha, apa ndi pamene panali vuto langa

Rekodi yanga inali yophweka, enum ya giredi ya masamba, uint16_t ya nambala ya mlimi, int32_t ya magalamu. Ndimasunga magalamu osati makilo a float chifukwa M3 ilibe FPU, gawo lowerengera ma float. Ndikaima mkati mwa khodi yosunga, print *r, r pokhala pointer ya rekodiyo, imaonetsa zonse bwino, mlimi 217, magalamu 12400. Ndikabwerera ku main pointer yomweyo adilesi yomweyo, magalamu akuti 217 ndipo mlimi akuti 0. Ndinayamba kukayikira HX711, poti imapereka ma bit 24 ndipo kuiwala sign extension ndi vuto lodziwika, koma ayi sikunali kumeneko.

Chinandipulumutsa ndi kusiya print nkuyamba x:

x/12xb r
ptype /o struct rekodi

x imangokupatsani ma byte mmene alili, siifunsa kaundula. Ndinaona d9 00, amene ndi 217, ali pa byte yachinayi kuwerenga kuchokera pa ziro, ndipo 70 30 00 00, amene ndi 12400, ali pa byte 8. Kumbukirani kuti ARM yathuyi ndi little endian, byte yaing'ono imatsogola. Koma ptype /o ndili ku main imati magalamu ali pa offset 4 ndipo struct yonse ndi ma byte 8, ndikaifunsa ndili mu khodi yosunga imati offset 8 ndipo yonse ndi 12. Struct imodzi, makaundula awiri.

Chifukwa chake nchakuti arm-none-eabi-gcc ikasiyidwa yokha imapanga enum yaing'ono kukhala byte imodzi, koma library yosunga ija ndinaibilda kale payokha ndi -fno-short-enums, enum inatenga ma byte anayi nkukankhira zonse kutsogolo. Linker inali ikuchenjeza nthawi yonseyi za 32-bit enums ndi variable-size enums koma chenjezolo linali litamira pakati pa zolemba zambirimbiri za make. Ndiye chonde werengani ma warning a linker. Kukonza kunali kubilda zonse ndi flag imodzi, ndipo mu struct iliyonse yopita ku flash kapena pa waya ndinasiya enum ndikuika uint8_t. Zomwezi zimachitika ndi #pragma pack imene yatsegulidwa mu header ina osatsekedwa, kapena #ifdef imene ikuonjezera field mu fayilo imodzi yokha.

Nanga ngati simungabildenso, mwina library munangopatsidwa ya .a yopanda source? Lembani kaundula wanu. Pangani kafayilo mitundu.c kokhala ndi struct mmene mwaionera mu ma byte, muipatse dzina lina ngati rekodi_yeniyeni kuti isalimbane ndi inayo, kenako:

arm-none-eabi-gcc -g -c -fno-eliminate-unused-debug-types mitundu.c

ndipo mu GDB:

add-symbol-file mitundu.o 0
print *(struct rekodi_yeniyeni *)$r0

Flag yaitaliyo imaletsa compiler kutaya type imene palibe akuigwiritsa. Mu chip simulowa kanthu, ndi GDB yokha imene yaphunzira type yatsopano. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa umasiya kuwerenga ma byte ndi chala pa sikirini. Ngati ndi field imodzi yokha palibe chifukwa chovutikira, print *(int *)($r0 + 8) yakwana.

Ndipo pamene kaundula wawonongeka mpaka GDB ikugwa kapena kuzizira pomuwerenga, yambitsani ndi gdb --readnever, imasiya DWARF yonse nkutsala ndi maina a ma function ndi ma global okha. Kumeneko mukafuna kuona global muyenera kuiuza type nokha, print (int)chiwerengero, apo ayi ikuuzani kuti has unknown type.

Chachisanu ndi chimodzi, londerani adilesi osati dzina

watch magalamu imadalira scope, mukangotuluka mu function GDB imaichotsa, ndipo ngati kaundula wa frame ndi wolakwika imachotsa msanga kapena kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Gwiritsani watch -l r->magalamu, imawerengera adilesi kamodzi nkumalondera pamenepo basi. Kapena perekani adilesi mwachindunji, RAM ya STM32 imayambira pa 0x20000000. Muli ndi ma watchpoint 4 pa M3. Ikaima, $pc imakhala itadutsa kale instruction imene yalembayo, ndiye yang'anani m'mbuyo pang'ono ndi x/6i $pc-12. Poti ma instruction a Thumb ena ndi a ma byte 2 ena 4, zoyambirira zikatuluka zopanda tanthauzo sinthani nambalayo ndi 2. Dziwaninso kuti DMA, gawo la chip losamutsa data popanda purosesa, ikalemba watchpoint siiona, chifukwa imalondera purosesa yokha.

Variable imene imakhala mu rejista moyo wake wonse ilibe adilesi yoti mulondere. Pamenepo ndimapanga global ya volatile, volatile int32_t kazitape, nkumakoperamo mtengo pamalo amene ndikufuna. Compiler imakakamizika kulemba ku memory ulendo uliwonse ndipo adilesi ya global ili mu symbol table, siyendayenda. Zimasintha khodi pang'ono inde, koma osati ngati -O0.

Backtrace ikasweka

Mwagwera mu HardFault, kumene purosesa imathawira ikachita ngozi, ndipo bt, yoonetsa amene anaitana amene, ikupereka mafunso awiri ?? kapena ikuti previous frame identical to this frame. Musataye mtima, purosesa inasunga yokha zimene mukufuna. Ikamalowa mu exception imaika pa stack ma rejista 8 motsatana chonchi: r0, r1, r2, r3, r12, lr, pc, xPSR. Ikani break *HardFault_Handler kuti muime handler isanagwire stack, muone $lr. Ikakhala 0xfffffff9 zasungidwa pa MSP (stack yaikulu), ikakhala 0xfffffffd zili pa PSP (stack ya process), zimene zimachitika kwambiri ngati muli ndi FreeRTOS. Kenako x/8xw $msp kapena $psp, nambala yachisanu ndi chiwiri ndiyo pc pamene ngozi yachitikira, yachisanu ndi chimodzi ndi lr, adilesi yobwerera kwa woitana. Ziperekeni kwa info symbol kapena kwa arm-none-eabi-addr2line -f -i -e pulogalamu.elf, -i imaonetsanso ma function amene analowetsedwa mkati.

Kuti mudziwe amene anaitana amene, khuthulani stack yambiri, x/64xw, musake manambala oyamba ndi 0x0800 amene akuthera pa nambala yosagawika ndi 2. Flash imayambira pa 0x08000000 ndipo ma adilesi obwerera a Thumb amakhala ndi bit yomaliza 1. Ena mwa iwo ndi zotsalira za maulendo akale, ndiye aliyense mumuyese, onani ngati instruction imene yabwera adilesiyo isanafike ndi bl yopita ku function imene mukuyembekezera. Ndi ntchito ya manja ngati kusankha masamba awiri ndi kansonga, koma imatuluka.

Ngati mwatsimikiza kuti compiler ndi imene yalakwitsa

Zimachitika ndithu, makamaka pa optimization yapamwamba. Lembani set complaints 100 musanalowetse fayilo ndi file, GDB iyamba kudandaula mokweza pa chilichonse chachilendo chimene yapeza mu DWARF, nthawi zonse imangokhala chete. Ngati muli ndi zida za LLVM, llvm-dwarfdump --verify imayendera kaundula yense nkunena pamene pasweka. Dulani khodi mpaka itsale mizere yochepa imene ikuonetsabe vutolo, sungani version ya compiler ndi ma flag, mukapereke ku Bugzilla ya GCC kapena ya Sourceware ngati vuto lili mbali ya GDB. Ife a kuno timazolowera kungozemba vuto nkupitiriza, koma kalipoti kamodzi kabwino kamathandiza anthu ambiri amene sitidzawaona.

Zonse zimene mwapeza musazisunge m'mutu, ziikeni mu .gdbinit ya project. Yanga panopa ili chonchi:

target extended-remote :3333
monitor reset halt
compare-sections
add-symbol-file mitundu.o 0
define rek
  print *(struct rekodi_yeniyeni *)$arg0
  x/12xb $arg0
end

Ndikalemba rek $r0 ndimaona mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, zimene type ikunena ndi ma byte enieni pansi pake. GDB ikakana kuwerenga fayiloyi ponena za safe-path, onjezerani folda yanu ndi add-auto-load-safe-path mu .gdbinit ya ku home, kapena ingoyambitsani ndi gdb -x .gdbinit. Ndinaikanso _Static_assert ya sizeof ndi offsetof mu header ya rekodi kuti fayilo iliyonse yobildidwa ndi ma flag ena ikane pompo pobilda. Loweruka mvula ikaleka ndikwera kabaza kukayesa sikelo ku shedi, ndanyamula mwala woyezera wa makilo 5 ndi ST-Link m'chikwama, ndipo ndapempha kalembera kuti tsiku limenelo alembenso m'buku lake thumba lililonse kuti madzulo tidzafananize ndi zimene chip yasunga.